Abambo amamwa mibulu iwiri ya vitamini C pa tsiku, ndiwalole ana azimwanso?

Mayi wina wanditumizira imelo iyi, ndaifupikitsa pang'ono: "Bambo a kunyumba kwathu anayamba kumwa mibulu ya vitamini C yosungunula m'madzi ija nthawi ya Covid, ndipo mpaka lero sanasiye. Amamwa iwiri pa tsiku, uliwonse wa 1000 mg. Pano kwayamba kuzizira, ndiye akuti ana athu, wa zaka 6 ndi wa zaka 11, azimwanso kuti asadwale chimfine. Chaka chatha bambowa anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha miyala ya mu impso. Ndiwalole anawa? Kodi vitamini angamuwononge munthu?"

Mayi, ana musawapatse mibulu imeneyi. Abambonso aileke kaye, apite kwa dokotala amene anawathandiza pa vuto la impso lija, kabotoloko kali m'manja kuti akakawerenge yekha.

Vitamini C ndi wofunika, pamenepo abambo sakunama. Mbuzi, ng'ombe ndi galu zimadzipangira zokha m'chiwindi, koma munthu, nyani ndi mbira zoweta sitingathe, tiyenera kumupeza m'zakudya. Chodabwitsa ndi kuchepa kwa mlingo womwe thupi limafuna. Ku America amati mwamuna azipeza 90 mg pa tsiku, mkazi 75 mg, woyembekezera 85 mg, woyamwitsa 120 mg, ndipo wosuta fodya aonjezerepo 35 mg. Ku Britain amaika 40 mg basi. Mwana wa zaka 6 amafuna 25 mg, wa zaka 11 amafuna 45 mg. Lalanje limodzi lakulirapo lili ndi pafupifupi 70 mg. Magalamu 100 a gwafa ali ndi 200 mg ndi kupitirira, kutanthauza kuti gwafa mmodzi wothyola kuseri kwa nyumba wakwaniritsa za tsiku lonse. Abambo akumwa 2000 mg, kuwirikiza ka 20 zomwe thupi lawo likupempha.

Nanga zotsalazo zimapita kuti? Munthu akadya mlingo wamba, matumbo amayamwa pafupifupi zonse. Akapitirira 1000 mg, zoyamwidwa sizifika ngakhale theka, ndipo zambiri zomwe zalowa m'magazi impso zimazitaya mumkodzo. Zili ngati kuthira madzi m'ndowa yodzaza kale. Ndalama zomwe zikupita kufamase mwezi ndi mwezi, zambiri zikuthera kuchimbudzi.

Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza thupi kupanga kolajeni, chinthu chimene chimagwira khungu, nkhama, mitsempha ya magazi ndi mafupa. Munthu akakhala mwezi kapena kuposerapo osamupeza, amafooka, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mano amagwedera, mabala sapola. Matendawa amatchedwa scurvy, ndipo kale anapha amalinyero ambirimbiri amene ankakhala miyezi panyanja akudya nyama yamchere ndi mabisiketi ouma. Mu 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala, n'kuwagawa awiriawiri, gulu lililonse n'kulipatsa mankhwala ake. Awiri omwe anadya malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga. Matendawa sanathe. Anabukanso mu 2017 ndi 2018 pakati pa anyamata ochokera ku South Sudan mu kampu ya anthu othawa kwawo ya Kakuma ku Kenya, komwe anthu ankadalira chakudya chouma cholandira. Koma banja lomwe limadya tomato, masamba ndi kachipatso mwa apo ndi apo lili kutali ndi zimenezi.

Ubwino womwe ndikanakonda mumvetsetse kwambiri, mayi, ndi wokhudza magazi. Thupi limafuna ayironi kuti lipange magazi. Ayironi wa mu nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe ndi nkhwani savuta kupeza, koma thupi limavutika kumuyamwa poyerekeza ndi wa mu nyama. Vitamini C akakumana naye m'mimba nthawi imodzi, amamusintha kuti alowe mosavuta. Apa ndiye pali phindu lenileni kwa ife odya nsima ya nyemba, makamaka amayi oyembekezera, atsikana amene ayamba kusamba ndi ana aang'ono, omwe vuto la kuchepa kwa magazi limawagwira kawirikawiri. Mawu ofunika ndi akuti nthawi imodzi. Nachesi wodya atangomaliza nsima, ndimu wofinyira m'masamba ataphulidwa, kapena tomato wosaphika pambali pa mbale zimagwira ntchito imene m'bulu womwa m'mawa, chakudya chili masana, sungagwire. Tiyi ndiye amachita zosiyana, amatchinga ayironi, choncho kapu ya tiyi izidikira kaye ola limodzi kapena awiri mukadya.

Tsopano chimfine. Chikhulupiriro ichi chinafala kuchokera kwa Linus Pauling, katswiri wa sayansi wa ku America yemwe analandira mphoto ya Nobel kawiri. Mu 1970 analemba buku lolimbikitsa anthu kumwa vitamini C wochuluka, ndipo anthu anamumvera chifukwa cha dzina lake. Ofufuza akhala akuyesa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Mu 2013 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku wa anthu oposa 11,000, n'kupeza kuti omwa vitamini C tsiku lililonse amadwala chimfine kawirikawiri ngati wina aliyense. Chomwe chimasintha ndi kutalika kwa matenda: amafupika ndi 8 peresenti kwa akulu, 14 peresenti kwa ana. Pa chimfine cha sabata imodzi, wamkulu wapulumutsa theka la tsiku, atamwa mibulu chaka chonse. Kuyamba kumwa mphuno zitayamba kale kuchucha sikunaonetse phindu lodalirika. Omwe anatetezekadi anali othamanga mipikisano ya mtunda wautali ndi asilikali ochita masewera olimba m'malo ozizira kwambiri. Sindikuganiza kuti abambo ali m'gulu limeneli.

Zoopsa zake n'ziti? Wochokera m'zakudya alibe vuto, simungadye magwafa mpaka vitamini kukupwetekani (kudzimbidwa ndi njere zake ndi nkhani ina). Mibulu ndiyo imafuna malire. Malire a munthu wamkulu ndi 2000 mg pa tsiku, ndipo ena akafika pamenepo kapena kupitirira amatsegula m'mimba, kuchita nseru ndi kumva kupotokola. Malire a mwana wa zaka 4 mpaka 8 ndi 650 mg, choncho m'bulu umodzi wa abambo wapitirira kale kwa wamng'onoyo. Wamkuluyo malire ake ndi 1200 mg, koma palibe chifukwa chomufikitsa m'mphepete chonchi.

Chimene chandichititsa kuyankha imelo yanu msanga ndi impso. Gawo lina la vitamini C wotsala thupi limalisandutsa oxalate, ndipo oxalate akakumana ndi kashiamu mumkodzo ndiye amapanga mtundu wa miyala wofala kwambiri. Kafukufuku wa ku Sweden wofalitsidwa mu 2013, yemwe anatsatira amuna oposa 23,000 kwa zaka 11, anapeza kuti omwa mibulu ya vitamini C ankapezeka ndi miyala pafupifupi kawiri kuposa osamwa. Munthu amene anadwalapo kale miyala, mpata woti ibwerenso ndi waukulu ngakhale popanda mibulu. Dziwaninso kuti mibulu yochita thovu m'madziyi imakhala ndi sodiyamu, zomwe odwala BP ayenera kusamala nazo. Odwala impso, omwe ali ndi ayironi wochuluka m'thupi, komanso omwe anauzidwa kuti ali ndi vuto la magazi lotchedwa G6PD asamwe mlingo waukulu popanda dokotala. Odwala shuga adziwe kuti timakina tina toyezera shuga timasokonezeka naye.

Ndalama za mibuluzo pitani nazo kumsika. Miyezi yozizirayi manachesi a ku Mwanza, malalanje, mandimu, masau ndi malambe zimakhala mbwee, kenako mapapaya, mango kumapeto a chaka, magwafa dzinja likamatha. Ndipo yang'anani mphika wanu, chifukwa vitamini ameneyu ndi wosalimba: kutentha kumamupha, madzi amamukokolola, soda ndi chidulo zimamumaliza. Therere ndi chigwada za soda n'zokoma, pitirizani kudya, koma musaziwerengere pa vitamini C. Mfutso nawonso wambiri anathera padzuwa. Mpiru, repu ndi kabichi tsukani musanadule, ikani madzi ochepa atawira kale, vindikirani, phulani zikadali zobiriwira, ndipo msuzi wake usatayidwe. Malambe a ana muziviika m'madzi owiritsa atazizira, shuga pang'ono.

Abambo angakane kusiya chinthu chomwe akukhulupirira kuti chinawapulumutsa ku Covid. Musakangane nawo za m'mbuyo, ingowaonetsani nambala ya 90 ndi ya 2000, n'kuwakumbutsa ululu wa chaka chatha. Pamene akudikira kuonana ndi dokotala azimwa madzi ambiri, ndipo akamva kuwawa m'nthiti chakumsana kapena akaona magazi mumkodzo, apite kuchipatala tsiku lomwelo.