Kufufuza khalidwe la munthu: kodi mafunso a pa intaneti ndi okwanira?

Mtsikana wina yemwe akuphunzira za maganizo ndi makhalidwe a anthu pa University of Malawi kuno ku Zomba wandilembera za kafukufuku wake wa chaka chomaliza. Akufuna kudziwa ngati khalidwe la munthu limakhudza mmene malonda ake amayendera, ndipo akuganiza zofunsa amayi ogulitsa mu msika waukulu wa Zomba ndi wa ku Chinamwali pogwiritsa ntchito mafunso amene wawapeza pa intaneti. Akufunsa ngati kuwamasulira m'Chichewa n'kuyamba kufunsa anthu n'kokwanira. Bambo ake nawonso akufuna kudziwa ngati luso limeneli lingadzam'pezetse ntchito.

Achemwali, mutu mwasankhawu ndi wabwino, koma kumasulira kokha sikokwanira, ndipo chifukwa chake chagona pa kumene mafunsowo anachokera. Ambiri mwa iwo amayeza mbali zisanu zotchedwa Big Five, zomwe ndi kukonda zinthu zatsopano, kuchita zinthu mwadongosolo ndi mwakhama, kumasuka pagulu, kukhala bwino ndi ena, ndiponso kusachedwa kuda nkhawa. Muzu wake ndi ntchito imene Gordon Allport ndi Henry Odbert anachita mu 1936, pamene anatolera mawu pafupifupi 18,000 ofotokoza anthu kuchokera mu dikishonale ya Chingerezi. Akatswiri a pambuyo pake anawasanja mpaka anatsala magulu asanu, ndipo mu 1992 Paul Costa ndi Robert McCrae anatulutsa fomu ya mafunso 240 yoyezera maguluwo. Pamene Michael Gurven ndi anzake anayesa muyezo wotere pakati pa anthu a mtundu wa Tsimane ku Bolivia, zotsatira zimene anafalitsa mu 2013 zinasonyeza kuti mbali zisanuzo sizinaoneke bwinobwino. Ku South Africa nako ofufuza anayamba ndi kucheza ndi anthu a zilankhulo 11 za dzikolo, ndipo anapeza kuti anthu ambiri pofotokoza mnzawo amatsindika za mmene amakhalira ndi abale ndi anansi kuposa mmene mafomu a kunja amayembekezera.

Taganizirani mayi wogulitsa tomato, ndalama atamanga pa nsonga ya chitenje, diso lili pa kasitomala amene akudutsa, inu mwafika ndi fomu ndi cholembera. Mukamuwerengera chiganizo chakuti amakonda kupita ku maphwando, n'kumuuza kuti asankhe nambala kuyambira 1 mpaka 5, akhoza kungoyankha kuti "eya" chifukwa cha ulemu kwa mlendo wophunzira, kapena angakane poopa kuoneka ngati woyendayenda, chonsecho ndiye amene amatsogolera nyimbo pa maliro ndi pa chinkhoswe. Yankho lotere lalemba ulemu wake, ndipo za kumasuka kwake pagulu simunamve kanthu.

Choncho mafunsowo muwakonze mosathamanga. Munthu mmodzi awamasulire m'Chichewa, wina amene sanaone a Chingerezi awabwezere m'Chingerezi, kenako mufananitse ziwirizo. Njira imeneyi anaifotokoza Richard Brislin mu 1970. Mukatero muyesere kaye pa amayi ochepa, ndipo aliyense mumupemphe kuti akuuzeni m'mawu ake zimene wamva pa funso lililonse, pakuti apa m'pamene mafunso osamveka amaonekera. Musaiwale kuti ena mwa ogulitsa a m'boma lino amamasuka kwambiri m'Chiyao. Muikemonso mafunso ena onena zotsutsana ndi anzawo, kuti amene akungovomera chilichonse adziwike. Pakapita masabata awiri mubwerere kwa anthu omwewo ndi mafunso omwewo, ndipo ngati mayankho asiyana kwambiri, muyezo wanu ndi wosadalirika. Aphunzitsi okuyang'anirani adzafunanso kuona nambala yotchedwa Cronbach's alpha, yosonyeza ngati mafunso oyeza mbali imodzi akugwirizana, imene ambiri amaifuna ifike pa 0.70.

Chimene ndikukulimbikitsani koposa ndi chakuti musadalire zimene munthu akunena za iye mwini zokha. Mwini wake akalola, mufunsenso mnzake wa benchi loyandikana naye, amene amamuona tsiku ndi tsiku akamanenerera mtengo, akamakongoza kapena akamalimbana ndi wokana kubweza ngongole. Inunso mukhale pansi muonerere, n'kumalemba zochitika zenizeni zimene munagwirizana ndi aphunzitsi anu musanapite. Mu 1968 Walter Mischel anachenjeza kuti mgwirizano wa zimene mafomu amanena ndi zimene munthu amachita pa nthawi inayake kawirikawiri ndi wochepa, supitirira 0.30 pa muyezo umene 1 amatanthauza kugwirizana kwathunthu. Ichi n'chifukwa chake kuonerera kamodzi sikuthandiza, ndipo muyenera kupita masiku osiyanasiyana, a malonda otentha ndi a malonda ozizira omwe.

Polemba zotsatira musanene zoposa zimene mwapeza. Mukaona kuti amayi akhama amapindula kwambiri, simungagamule kuti khamalo ndilo labweretsa phindu, chifukwa mwina phindu ndilo lawapatsa mphamvu, kapena onsewo anayamba ndi mpamba wokulirapo. Kuti munthu ayandikire yankho la funso lotere amafunika kutsata anthu omwewo kwa zaka zambiri, monga kafukufuku wa ku Dunedin ku New Zealand, amene watsata ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 mpaka kukula kwawo. Chaka chimodzi sichingakulolani zimenezo.  Musanapite kumsika, dongosolo lanu lidutse kwa aphunzitsi anu ndi ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa ya UNIMAREC monga mwa malamulo a sukulu. Aliyense avomere mwa kufuna kwake, ndipo pa fomu mulembe nambala m'malo mwa dzina.

Kwa inu bambo, luso lokonza mafunso, kuwayesa ndi kusanthula mayankho pa kompyuta ndi mapulogalamu monga SPSS, Stata kapena R limafunika m'malo ambiri. Likulu la National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, ndi Centre for Social Research, nthambi ya kafukufuku ya University of Malawi, zonse zili konkuno ku Zomba, ndipo ntchito zawo zimadalira anthu odziwa kufunsa ndi kusunga chinsinsi. Mabungwe a zachitukuko ndi maofesi olemba anthu ntchito nawonso amafuna luso lomweli. Mwana wanu asunge bwino lipoti lake ndi fomu imene adzakonze, kuti adzazionetse pofunsira ntchito.