Kodi chamba cha dzulo chingagwiritse dalaivala lero?

Mwafunsa ngati munthu amene anasuta chamba dzulo angapezeke wolakwa apolisi akamuyeza pamsewu, ngakhale iye akudzimva kuti ali bwinobwino. Yankho ndi lakuti n'zotheka ndithu.

M'mayiko amene amayeza motere, wapolisi amapukuta lilime kapena m'kati mwa tsaya la dalaivala ndi kachipangizo kotenga malovu, ndipo pakapita mphindi zochepa kamasonyeza ngati muli chamba kapena kokeni. Komatu umenewu si umboni womaliza, chifukwa khoti limadalira magazi amene amatengedwa munthuyo akafika kupolisi.

Ku England ndi Wales, kuyambira mu Marichi 2015, mlandu sudikira kuti munthu aoneke akuyendetsa mokhotakhota: kungopitirira mamaikulogalamu 2 a THC (mankhwala oledzeretsa amene amapezeka m'chamba) pa lita imodzi ya magazi n'kulakwa kale. Malirewa ndi otsika zedi, moti wosuta pafupipafupi, amene thupi lake limachedwa kuchotsa THC, asamadalire kuti wagona usiku wonse. Wopezeka wolakwa amaletsedwa kuyendetsa kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, angalipitsidwe chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka miyezi 6, ndipo mlanduwo umaonekera pa laisensi yake kwa zaka 11. Kukana kupereka magazi popanda chifukwa chomveka ndi mlandunso pakokha.