Yankho pa funso la mpeni wapepala wa ku China

Mayi, mwafunsa ngati kampeni kapepala kamene mwana wanu wapinda ataonera pa foni ndi origami ya ku Japan, komanso ngati mpeniwo uli ndi tanthauzo lobisika limene kholo liyenera kuda nalo nkhawa. Nkhawa ichoke, chifukwa kampeniko ndi choseweretsa, koma funso lanu loyambalo likufuna yankho lotalikirapo, popeza ambiri amene ayankha kale asakaniza miyambo ya mayiko awiri.

Ku China luso lopinda mapepala limatchedwa zhezhi, kuchokera ku mawu awiri otanthauza kupinda ndi pepala, pamene origami ndi dzina la ku Japan. Kusiyana kwake kumaonekera kwambiri pa zimene amapinda. A ku Japan anatchuka ndi mbalame, achule ndi maluwa, pomwe a ku China kuyambira kale ankakonda kupinda zinthu zogwiritsa ntchito, monga mabwato, zipewa, timabokosi ndi timbale, ndipo mpeni kapena lupanga la ana likugwera m'gulu lomweli. Pepala lenilenilo linayambira ku China. Mbiri imanena kuti m'chaka cha 105 nduna ina ya kunyumba yachifumu, dzina lake Cai Lun, inapereka kwa mfumu njira yopangira pepala kuchokera ku makungwa a mitengo, nsanza ndi maukonde akutha, ngakhale ofukula zakale anapeza zidutswa za mapepala akale kuposa pamenepo.

Chimene ndikufuna muone, mayi, n'chakuti mpeni m'mbiri ya dziko limenelo sunali chida chopwetekera anthu chokha. Pepala lisanafale, alembi ankalemba pa timizere ta nsungwi, ndipo akalakwitsa chilembo ankapala malowo ndi kampeni kamene sikankachoka m'chiuno mwawo, n'chifukwa chake ogwira ntchito m'maofesi a boma ankatchedwa anthu a mpeni ndi cholembera. Kuwonjezera apo, maufumu a Qi, Yan ndi Zhao ankasula ndalama zamkuwa zooneka ngati mpeni, zokhala ndi mphete kumapeto kwa chogwirira kuti munthu azitha kuzitunga pa chingwe. Ndalama zimenezi zinatha mphamvu mfumu Qin Shi Huang itagwirizanitsa dzikolo m'chaka cha 221 Yesu asanabadwe, n'kulamula kuti onse agwiritse ntchito ndalama yozungulira ya chibowo cha ngodya zinayi, kenaka wolamulira wina, Wang Mang, anaziukitsanso kwa kanthawi m'chaka cha 7 Yesu atabadwa. Mpaka lero, wogula pepala lojambulira lotchedwa xuan, limene limapangidwa m'boma la Jing ku Anhui, amaitanitsa "mpeni umodzi wa pepala", kutanthauza mtolo wa mapepala 100. Ine mfundo imeneyi imandisangalatsa kuposa zonse, chifukwa mpeni ndi pepala zinakhalira limodzi mpaka kulowana m'chilankhulo.

Pali mtundu wina wa kupinda mapepala umene si masewera, ndipo mwina ndi umene wakupatsani mantha mutaumva. Pa mwambo wa Qingming, umene umachitika cha pa 4 kapena pa 5 Epulo, mabanja amapita kukasesa manda a makolo awo n'kuwotcha mapepala opindidwa ngati yuanbao, zomwe zinali zibuma za siliva kapena golide zooneka ngati kabwato. Amatenga pepala lokhala ndi kachigamba konyezimira pakati, n'kulipinda kuti kachigambako kaonekere pamwamba, ndipo amatha kudzaza matumba angapo asanapite kumanda, pokhulupirira kuti akawotcha, chumacho chimafika kwa omwalira. Chimapangitsa kuti pepala likhale nsembe ndi mtundu wa pepalalo, nthawi yake ndi moto, osati kungoti lapindidwa. Kampeni ka pepala la m'kope la sukulu kalibe mbali pa zimenezi.

Popeza mwanena kuti mpeni wa mwanayo umafooka msanga, ndifotokoze mmene ndinapindira wanga pamodzi ndi mdzukulu wanga, titaononga kaye mapepala anayi. Tengani pepala lofanana mbali zonse zinayi, mulipinde kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo, kenaka mulitambasule kuti pakati patsale mzere. Mbali ziwiri zoyandikana muzipindire pa mzerewo kuti pepala likhale losongoka kumodzi, ndipo mubwerezenso kachiwiri kuti lichepe m'mimba, chifukwa kubwereza kumeneku ndiko kumalimbitsa nsonga. Kumbali yotakatayo, pindirani pepala kumbuyo, kenaka mulibwezere kutsogolo mutasiya kampata konga m'lifupi mwa chala, ndipo kampata kameneka ndiko kadzakhale chotchinga dzanja. Gawo lotsala m'munsi mulifinyire mkati mbali zonse ziwiri kuti likhale chogwirira. Mzere uliwonse muziwusisita ndi chikhadabo cha chala chachikulu mpaka uthwe, pakuti ife tinalephera poyamba chifukwa chongodinikiza ndi chikhatho. Nyuzipepala imang'ambika pa chotchinga dzanja paja, chikatoni chimakana kupindika kachiwiri, koma pepala wamba la muofesi limachita bwino. Lumo ndi guluu musazigwiritse ntchito. Kudula mapepala ndi luso lina, lotchedwa jianzhi, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse m'chaka cha 2009.

Ngati mwanayo anaona malupanga akuluakulu opangidwa ndi tizidutswa tambirimbiri tolowetsana, imeneyo ndi njira inanso ya ku China, ndipo nkhani ya kutchuka kwake ndi yachisoni. M'mwezi wa Juni 1993 sitima yapamadzi yotchedwa Golden Venture, imene inanyamula anthu 286 ochokera ku China ofuna kulowa mu America mozemba, inatitimira mumchenga pafupi ndi New York, ndipo anthu 10 anamwalira. Ambiri mwa opulumuka anatsekeredwa m'ndende ya ku York, ku Pennsylvania, ena kwa zaka zoposa zitatu, akudikira milandu yawo. Ali m'menemo ankang'amba magazini akale n'kupinda tizidutswa ta ngodya zitatu, kalikonse kokhala ndi nsonga ziwiri ndi timatumba tiwiri, kenaka n'kulowetsa nsonga za kena m'timatumba ta kanzake mpaka kutuluka chiwombankhanga, chinanazi kapena mtsuko, zimene ankapatsa maloya ndi ena owathandiza. N'chifukwa chake pa intaneti njirayi mudzaipeza ndi dzina la sitimayo. Lupanga la mtundu umenewu limadya tizidutswa tochuluka ndi masiku angapo, choncho kwa mwana wa sitandade 4 ngati wanuyo ndingalangize kuti ayambe wazolowera kaye mpeni wa pepala limodzi uja.