Mchira wa mRNA ndi botolo lomwe mukufuna kugulira amayi

Kalata yanu, achemwali a ku Johannesburg, ndaiwerenga katatu. Mwati amayi ali ndi khansa ya m'bere, adokotala awawonjezera mankhwala otchedwa everolimus, inu mwawerenga kuti m'maselo a khansa "mchira wa mRNA umafupika" (mRNA ndi mtundu wa RNA womwe umanyamula uthenga wa jini m'kati mwa selo), ndiye wina pa WhatsApp akukutsatsani botolo lotalikitsa mchirawo. Mukufunsa ngati za mchirazi n'zoona, komanso ngati mugule.

Za mchira zili ndi choonadi chake. Botolo ndiye ayi. Koma mundipirire, chifukwa kalata yanuyi yandipweteka pachilonda chakale.

Ine ndinaleredwa ndi azakhali, alongo awo a bambo, ku Ntcheu. Pamene ankayamba kutaya magazi mosadziwika bwino, ine ndinali ku Britain, mu labu, ndikuphunzira za RNA yomweyi. Kuchipatala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero. Sipanapite mwezi, pakhomo panafika bambo wina wa tayi ndi chikwama, atanyamula mapepala a fotokope odzaza Chingerezi, mawu oti "gene" atawazunguliza ndi bolopeni yofiira. Anati mankhwala ake amakonza majini kuchokera kumizu, pomwe a kuchipatala amangosadza nthambi. Mbuzi zitatu zinapita. Ndalama zomwe ndinkatumiza za thiransipoti yopitira kuchipatala zinatsata mbuzizo. Azakhali anakhala miyezi itatu osaponda kuchipatala, ine osadziwa, chifukwa pafoni ankangoti, "Tilipo mwanawe, mankhwala tikumwa."

Nditadziwa ndinaimba foni nditapsa mtima. Azakhali anandifunsa modekha: "Nanga iwe wophunzirawe, tandiuza, jiniyo ndi chiyani?" Ndinachita kakasi. Zaka zonse zija ndikugwira RNA ndi manja anga, koma mawu a Chichewa oti ndiwauze azakhali anga ndinalibe. Bambo wa tayi uja anali nawo mawu, ngakhale anali abodza. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo n'chifukwa chake kalata ngati yanu sinditha kuiyankha m'mizere iwiri.

RNA ndi kanthu kosachedwa kuwonongeka. Pa zala zathu, m'malovu, ngakhale pa fumbi la patebulo pali timapuloteni totchedwa RNase tomwe timaidula ngati chiswe pa nsungwi. Ndiye umavala magolovesi, sulankhula chubu chili chotsegula, chilichonse umachiika pa ayisi, ukamaliza n'kuthamangira nacho ku firiji ya madigiri -80. Miyezi inayi yoyamba zanga zonse zinkawola. Ukayatsa getsi pansi pa jelo, kanthu konga odzola momwe timasiyanitsiramo mauthenga aatali ndi aafupi, m'malo moona timizere towala bwino, umangoona phala. Tsiku lomwe zinatheka ndimalikumbukira: jini imodzi, koma timizere tiwiri, kena m'mwamba, kena m'munsi. Kam'mwamba ndi uthenga wautali, kam'munsi uthenga waufupi wa jini yomweyo. M'maselo ogawikana msanga, kam'munsi ndi kamene kankawala kwambiri. Ndinajambula pafoni ngati ndaona mwana wakhanda.

Tsopano ndikuuzeni zomwe ndinalephera kuwauza azakhali.

DNA ndi buku lalikulu lomwe silituluka m'chipinda chamkati cha selo. Selo ikafuna puloteni inayake, imakopera tsamba limodzi, lomwe ndiye jini, pa kapepala n'kukatumiza kunja komwe kumapangidwira mapuloteni. Kapepalako ndiye mRNA. Chodabwitsa n'chakuti makina okoperawo sadziwa poimira, amangopitirira. Pamafunika gulu lina la mapuloteni lodzadula. Gululi limafunafuna chizindikiro cha zilembo 6, AAUAAA, chomwe Nick Proudfoot ndi George Brownlee anachizindikira ku Cambridge mu 1976. Likachipeza, sizasi yotchedwa CPSF73 imadula patsogolo pang'ono, kenaka pamalo podulidwapo amasokererapo zilembo A zokhazokha pafupifupi 200. Mzere wa ma A umenewu ndiye mchira weniweni, ndipo umateteza uthenga kuti usadyedwe msanga.

Apa ndi pomwe wogulitsa wanuyo wasokoneza, kapena wakusokonezani dala. Nkhani ya khansa yomwe mwawerengayo sinena za mchira wa ma A. Imanena za chigawo chomwe chili mchira usanayambe, chotchedwa 3'UTR. Majini oposa theka mwa munthu ali ndi malo odulirapo oposa amodzi. Sizasi ikadula pamalo oyandikira, chigawochi chimakhala chachifupi. Ikadula patali, chimakhala chachitali.

Tili ana, azakhali ankatituma ku golosale ndi kapepala: "Mumpatse mwanayu shuga paketi imodzi, ndilipira pakutha pa mwezi." Pansi pake ankawonjezera kuti, "Mukampatsa, pepalali mung'ambe." Msuweni wanga wina, yemwe pano ndi mkulu wa mpingo ndipo sindimutchula, anatulukira nzeru yong'amba kachidutswa ka pansiko. Pepala lomwelo linatenga shuga maulendo anayi asanagwidwe. Mawu oitanitsa shuga sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi, chomwe chinachoka ndi lamulo loti pepala lithe ntchito. 3'UTR ndi kachidutswa ka pansi kaja. Sikanena kuti puloteni ikhale yotani, kamanena kuti uthenga ukhale nthawi yaitali bwanji, uwerengedwe kangati, ndiponso upite mbali iti ya selo. Pamenepo ndi pomwe pamatera timaRNA ting'onoting'ono totchedwa microRNA, tomwe Victor Ambros ndi Gary Ruvkun anatitulukira mu kanyongolotsi mu 1993, n'kudzalandira mphoto ya Nobel mu 2024. Tikatera, uthenga umazimitsidwa kapena kung'ambidwa. Mukachotsa poterapo, uthenga umangolamulabe.

Mu 2008, Rickard Sandberg ndi anzake ku yunivesite ya MIT ku America anaona kuti maselo a chitetezo a mbewa, otchedwa T, akadzutsidwa kuti ayambe kuchulukana, mauthenga ambiri amadulidwa pafupi. Mvetsani bwino pamenepa: amenewo anali maselo abwinobwino. Kufupikitsa ndi njira yomwe thupi limagwiritsa ntchito likafuna kukula msanga. Chaka chotsatira, 2009, Christine Mayr ndi David Bartel ku Whitehead Institute anapeza zomwezo m'maselo a khansa, ndipo anaonetsa kuti uthenga waufupi umatha kutulutsa puloteni yochuluka kakhumi poyerekeza ndi wautali. Pa jini ya IGF2BP1, uthenga waufupi unkasandutsa maselo kukhala olusa kuposa mmene wautali unkachitira. Chitsanzo chomwe ine chimandigwira mtima ndi cha cyclin D1, puloteni yomwe imakankha selo kuti iyambe kugawikana. Mu khansa ya m'magazi yotchedwa mantle cell lymphoma, odwala ena uthenga wawo wa cyclin D1 ndi woduka kumapeto, umakhalitsa maola ambiri m'malo mwa mphindi zowerengeka, ndipo matenda awo amathamanga kwambiri. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2007.

Nanga everolimus wa amayi akulowa pati? Nkhani yake ndi yokoma, mundilole ndipatuke. Mu 1964 gulu la asayansi lochokera ku Canada linapita pa chilumba cha Rapa Nui, chomwe azungu amati Easter Island, n'kubwerako ndi dothi. Mu dothimo munali bakiteriya wotulutsa mankhwala omwe Suren Sehgal ndi anzake ku Montreal anawatcha rapamycin, kutengera dzina la chilumbacho. Kampani itatseka labu yake, Sehgal anasunga bakiteriyayo mu firiji ya kunyumba kwake. Mu 1991 ku Basel, Michael Hall ndi anzake anapeza mu yisiti puloteni yomwe mankhwalawa amagwira, ndipo mwa ife imatchedwa mTOR. Everolimus ndi mwana wa rapamycin, anavomerezedwa ku America pa khansa ya impso mu 2009, pa khansa ya m'bere mu 2012, pomwedwa pamodzi ndi mankhwala ena otchedwa exemestane.

mTOR ali ngati kapitawo wa selo. Amayang'ana ngati chakudya chilipo, mphamvu ilipo, ndiponso ngati kwabwera lamulo loti tikule. Zikakwana amaliza belu kuti ntchito yomanga iyambe. M'khansa zambiri belulo silisiya kulira. Mu 2015 gulu la Jeongsik Yong ku University of Minnesota linaonetsa kuti m'maselo a mbewa momwe mTOR anamusiya woyaka osazima, mauthenga ambiri anayamba kudulidwa pafupi. Ndiye kapitawo salamula omanga okha, afikanso kwa wogwira sizasi. Ndi zimenezi, ndikuganiza, zomwe munakumana nazo pa intaneti. Koma musapite kukauza amayi kuti everolimus amatalikitsa mauthenga. Ntchito yake yodziwika ndi kuchepetsa mphamvu ya kapitawoyo kuti selo isapange mapuloteni mothamanga.

Zomwe wogulitsa sangakuuzeni

Ndinene mosabisa: ngakhale ife a m'malabu nkhaniyi tinaikometsera mopitirira. Kwa zaka zingapo aliyense ankalankhula ngati chachifupi ndi satana, chachitali ndi mngelo. Mu 2013 labu ya Bartel yomweyo inayeza mauthenga ochuluka m'maselo a mbewa n'kupeza kuti kwa ambiri, kutalika kapena kufupika kwa 3'UTR sikusintha kwenikweni kukhalitsa kwa uthenga. Ndi majini ena ndi ena, m'maselo ena ndi ena, momwe kusiyanaku kumaluma. Ndimawalemekeza anthu amenewa chifukwa anathira okha madzi pa moto womwe anauyatsa. Mu 2018 gulu la Mayr ku New York linapezanso china mu khansa ya m'magazi ya CLL: sizasi imadula msanga kwambiri, pakati penipeni pa uthenga, moti mapuloteni oletsa khansa amatuluka opunduka. Kumeneko vuto si kuchuluka kwa lamulo loti kula, koma kuthyoka kwa mabuleki. Ndipo mu chotupa cha mu ubongo cha glioblastoma, akatswiri a ku Houston anaonetsa mu 2014 kuti puloteni ya CFIm25 ikachepa, mauthenga mazanamazana amafupika nthawi imodzi ndipo chotupa chimakula msanga.

Ndiye munthu abwere ndi botolo limodzi loti likonze zonsezi? Liziwerenga jini iliyonse, n'kudziwa poti litalikitse ndi poti lisiye? Nanga maselo a chitetezo a amayi, omwe amafunika kufupikitsa mauthenga kuti achulukane akakumana ndi matenda, liwatani? Wogulitsayo watola mawu enieni a sayansi n'kuwamata pa botolo, ngati mmene bambo wa tayi anachitira ndi bolopeni yake yofiira. Ine anthu otere sindiwatcha osadziwa. Amadziwa bwino lomwe kuti munthu amene mayi ake akudwala amagula chilichonse.

Mankhwala ogwira sizasi ija alipo, koma pa khansa akadali m'malabu. Ena otchedwa JTE-607 amatseka CPSF73 ndipo anapha maselo a khansa zina za m'magazi ndi za m'mafupa poyesa. Kuwadalira lero ndi kugula mbereko mwana asanabadwe. Chosangalatsa n'chakuti komwe nzeruyi yapita patali ndi ku matenda a kaodzera: acoziborole, mankhwala omwa kamodzi kokha omwe anayesedwa ku DR Congo ndi ku Guinea, amapha tizilomboto potseka sizasi yawo yodulira mRNA. Anayesedwa pa mtundu wa kaodzera wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, wosiyana ndi womwe kashembe amafalitsa ku Nkhotakota ndi ku Rumphi.

Azakhali anamwalira ndisanamalize sukulu. Patapita miyezi, ndikuwerenga za ntchito yanga usiku, ndinakumana ndi kafukufuku wa mu 1995 wa Paul Lambert ndi mnzake ku Wisconsin. Kachilombo ka HPV 16, komwe kamayambitsa khansa zambiri za khomo la chiberekero, kali ndi majini awiri oopsa, E6 ndi E7, omwe amathyola mabuleki a selo otchedwa p53 ndi Rb. Uthenga wawo uli ndi kachidutswa kake ka "mukawerenga mung'ambe" kumapeto. Koma DNA ya kachilomboka ikadzilowetsa mu DNA ya munthu, kachidutswako kamatayika, uthenga n'kutenga mathero a jini ya munthu, n'kuyamba kukhalitsa. Pepala la shuga lija. Ndinatseka kompyuta n'kukhala mumdima kwa nthawi. Chinthu chomwe ndinkachiona pa jelo masana onse n'kutheka kuti ndi chomwe chinkachitika m'thupi mwa mayi amene anandilera, ndipo fanizo loti ndiwafotokozere analipereka okha ndili ndi zaka 9. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Malawi mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Ana a msuweni wanga wa shuga uja ndinachita kuwaimbira foni mpaka atabayitsa.

Ndatalikitsa, pepani achemwali. Botolo musagule, ndipo ngati lafika kale m'nyumba, amayi asamwe mpaka adokotala kapena a ku famase aone zolembedwa pa lebulo. Everolimus amaphwanyidwa m'chiwindi, ndiye zinthu zina zimasokoneza mlingo wake m'magazi: chipatso cha grapefruit chimaukweza, zitsamba za St John's wort zimautsitsa. Zilonda za m'kamwa zimabwera kawirikawiri m'masabata oyamba, funsani za mankhwala otsukira m'kamwa zisanayambe. Shuga wa m'magazi aziyezedwa. Akayamba chifuwa chatsopano, kubanika kapena kutentha thupi, musadikire tsiku la kiliniki. Ndalama ya botoloyo isungeni ya thiransipoti, ndipo muzifunsa amayi tsiku lenileni lomwe anapita kuchipatala komaliza, musakhutire ndi "tilipo mwanawe".