Jakisoni wa pamsana: kodi amapuwalitsadi?

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi 8 ndipo kusikelo akuti mwana wagona chopingasa, ndidzachira ndi opaleshoni. Anzanga akuti jakisoni wa pamsana amapuwalitsa miyendo, bola kungondigonetsa. Zoona? (Mayi wa ku Mponela)

YANKHO: Mayi, miyendo imachitadi dzanzi, koma kwa maola awiri kapena atatu basi. Kupuwala kwenikweni kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Singano imalowa m'munsi mwa msana, cha pamzere wa mafupa a m'chiuno, pomwe chingwe cha mitsempha chochokera ku ubongo chathera kale. Amathira mankhwala ochititsa dzanzi a bupivacaine, pafupifupi mamililita 2 mpaka 2.5, ndipo pakatha mphindi zochepa simumvanso ululu kuchokera m'munsi mwa mabere kutsika. Kukokedwa mudzakumva, musadabwe.

Chomwe ogonetsa odwala amachiopa ndi BP. Mankhwalawa amamasula mitsempha ya magazi, BP nkugwa mwadzidzidzi, makamaka mayi akagona chagada chifukwa chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima. Ndiye amaika dripu, kupendeketsa mayi pang'ono kumanzere, kuyeza BP pafupipafupi, ndi kukhala ndi mankhwala okweza BP, ephedrine kapena phenylephrine, atakoka kale mu sirinji. Mukamva nseru kapena chizungulire, nenani pompopompo. Nthawi zambiri ndi BP imeneyo. Ena mutu umawawa patatha tsiku limodzi kapena awiri, ululu umakula akadzuka nkuchepa akagona. Singano zowonda kwambiri zachepetsa vutoli.

Kugonetsa tulo kuli ndi zake. Kukhosi kwa mayi wapakati kumatupa, choncho kulowetsa paipi yopumira kumavuta, ndipo zam'mimba zimatha kubwerera nkulowa m'mapapo. Kafukufuku wa Paul Fenton ndi anzake, wofalitsidwa mu 2003, anaunika maopaleshoni 8,070 oberekera m'zipatala za m'Malawi. Amayi 85 anamwalira, ndipo mwa omwe sanataye magazi opaleshoni isanayambe, obayidwa pamsana anamwalira ochepa kuposa ogonetsedwa. Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri nchakuti ambiri anafera kuwodi, osati m'thiyeta. Woyang'anira wodwala asagone usiku woyamba: nsalu ikanyowa magazi ambiri, kapena mayi akamazizira manja ndi kupuma mothamanga, aitane namwino.

Pamsana sabaya ngati mwataya magazi ambiri, magazi anu saundana bwino, kapena pali chilonda pamalo obayira. Pamenepo kugonetsa ndiye njira.

FUNSO: Bwanji amatiletsa kudya tikamapita kuthiyeta? (Bambo wa ku Thyolo)

YANKHO: Bambo, munthu wogonetsedwa satsokomola, ndiye akasanza, asidi wam'mimba amalowa m'mapapo nkuwawotcha. Dokotala Curtis Mendelson wa ku New York analemba za vutoli mu 1946 ataliona mwa amayi obereka. Lamulo lofala ndi maola 6 osadya, kuphatikizapo phala, thobwa ndi tiyi wamkaka, ndi maola 2 osamwa madzi. Ngati mwalumako kachigumu mobisa, uzani dokotala musanalowe.