Choyezera kutentha kwa mowa chopanga nokha: yankho kwa achimwene a ku Lilongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Lilongwe amene wangoyamba kumene kufulula mowa wa chimera cha balere kunyumba. Akuti mowa woyamba unatuluka ndi fungo ngati la mankhwala ochotsera penti m'zikhadabo, wachiwiri unali wotsekemera kwambiri koma wopanda mphamvu. Akukayikira kutentha, ndipo funso lawo n'lakuti: poti zoyezera zabwino n'zodula, kodi munthu angathe kudzipangira chake?

Mungathe, achimwene, ndipo mwakayikira poyenera. Fungo lija limabwera yisiti ikamagwira ntchito pamalo otentha mopitirira. Kutsekemera kuja nthawi zambiri kumayambira poviika chimera m'madzi otentha. M'chimera muli ma enzyme awiri, tinthu tachilengedwe tophwanya chakudya, amene amasandutsa sitachi kukhala shuga. Wina amagwira bwino ntchito pa madigiri 62 mpaka 65 a Celsius, ndipo amatulutsa shuga amene yisiti imadya mosavuta. Winayo amakonda madigiri 68 mpaka 72, koma shuga wake wambiri yisiti imamulephera, n'kutsalira mu mowa. N'chifukwa chake ofulula ambiri amasunga phalalo pa 65 mpaka 67 kwa ola limodzi. Agogo athu ophika thobwa amaidziwa nkhaniyi: sathira chimera m'phala longophula kumene, amadikira lizizireko, n'kuyesa ndi chala. Chala chimauza kuti apa pafunda, apa pawotcha, koma sichingasiyanitse 65 ndi 70, pamene mowa wanu ukudalira madigiri asanu omwewo.

Sensa, kachipangizo komva kutentha, imene ndimaidalira ndi DS18B20, ija imabwera m'kapaipi kachitsulo chosachita dzimbiri, ili kale ndi waya wake. Imayeza kuyambira pa -55 mpaka 125, ndipo pakati pa -10 ndi 85 siphonya kuposa theka la digiri. Mufunikanso kakompyuta kakang'ono kowerenga sensayo, Arduino Uno, kapena ESP32 ngati mukufuna kuona manambala pafoni kudzera pa WiFi, ndi resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) imodzi ya 4.7k.

Kulumikiza sikuvuta. Waya wofiira wa sensa apite pa pini (polumikizira waya) yolembedwa 5V pa Arduino, kapena pa 3.3V ngati muli ndi ESP32. Wakuda apite pa pini yolembedwa GND. Wachikasu ndiye wonyamula uthenga, muikeni pa pini 2 ya Arduino. Resistor ija ilumikize wachikasu ndi wofiira. Mukaisiya, simuwerenga kanthu. Mu pulogalamu ya Arduino ikani ma library (timapulogalamu tolembedwa kale) awiri, OneWire ndi DallasTemperature, ndipo chitsanzo chimene chimabwera nawo chikukwanirani poyambira. Sensa iliyonse ili ndi nambala yakeyake, choncho mutha kumangirira ziwiri kapena zitatu pa pini imodzimodziyo. Mukaona -127, pali waya amene sakugwira. Mukaona 85 m'chipinda chozizira, sensa sinamalize kuyeza: imafuna nthawi yochepera pang'ono sekondi imodzi, ndipo 85 ndi nambala imene imakhala nayo ikangoyatsidwa.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa zonse ndanenazi munthu amamaliza madzulo amodzi. Chimene chimapulumutsa mowa ndi kuyesa sensayo musanaikhulupirire. Pamsika padzaza ma DS18B20 otengera, ndipo ena amaphonya kuposa mmene apachiyambi amalonjezera. Phwanyani ayisi, dzazani kapu, thirani madzi pang'ono, takasani, muviikemo sensa kwa mphindi zingapo. Iyenera kunena 0. Kenako iyeseni m'madzi owira, koma musayembekezere 100. Lilongwe ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo pamenepo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 ndi theka. Abale athu a ku Johannesburg, kumene kuli kokwera kuposa apo, amaona madzi akuwira cha pa 94. Munthu wosadziwa izi amaona 96 n'kuganiza kuti sensa yake ikuperewera madigiri anayi, n'kuwonjezera anayiwo mu pulogalamu, ndiye kuyambira tsiku limenelo chimera chake chonse akuchiviika pa kutentha kolakwika. Lembani kusiyana kumene mwapeza pa ayisi, mukonze ndi kumeneko.

Chachiwiri ndi malo oika sensa. Poviika chimera, phala silitentha mofanana: pansi, pamwamba ndi m'mbali mwa poto zimasiyana. Takasani bwino musanawerenge, ndipo sensa ikhale pakati. Viikani chitsulo chokha. Polumikizana chitsulo ndi waya ndi pamene madzi otentha amalowera m'kupita kwa nthawi, ndipo pulasitiki ya waya si yoti iziwira mu mowa umene anthu adzamwe.

Pa nthawi ya yisiti nkhani yake ndi ina. Yisiti imatulutsa kutentha kwakekwake, makamaka masiku atatu oyamba, moti m'kati mwa chigubu chofululiramo mowa mumatentha kuposa mpweya wa m'chipinda ndi madigiri angapo. Ine ndinatayapo malita 20 chifukwa sensa ndinaisiya ikulendewera mu firiji: inkanena 18, pamene mowa m'katimo unali utapitirira kale, ndipo unatuluka ndi fungo lomwelo mukudandaula nalo. Zinandipweteka, chifukwa chimera cha balere sichipezeka msanga kuno. Njira yabwino ndi kulowetsa pa chivindikiro paipi yachitsulo chosachita dzimbiri yotseka kunsi kwake, ifike pakati pa mowa, sensa n'kuitsitsira m'menemo. Paipiyo muziitsuka ndi mankhwala ophera tizilombo monga muchitira ndi chigubu. Ngati paipi mulibe, matani sensa kunja kwa chigubu, cha pakati pa msinkhu wa mowa, muiphimbe ndi siponji yokhuthala, mumange ndi tepi. Nambala yake imayandikira kwambiri kutentha kwa m'kati.

Yisiti ya mowa wa mtundu wa ale imakonda madigiri 18 mpaka 20. M'mwezi wa Okutobala ku Lilongwe masana kumafika pa 30 ndi kupitirira, choncho sensa yokha ingokuuzani za vuto, siilithetsa. Ambiri amaika chigubu mu firiji yakale yoyendetsedwa ndi kabokosi kotchedwa STC-1000, kamene kamabwera ndi sensa yakeyake ndipo kamadikira mphindi zingapo kasanayatsenso kompuresa. Mutha kuchita zomwezo ndi Arduino ndi relay (switchi yoyendetsedwa ndi Arduinoyo), koma pamenepo mwafika pa magetsi a 230V, amene amapha. Ngati simunagwirepo ntchito ya magetsi a m'nyumba, ndikupemphani, itanani wodziwa.

Magetsi akazima, Arduino imatha kuyenda pa power bank ya foni. Chigubucho chiikeni m'beseni la madzi, muchifunditse thaulo lonyowa lomwe nsonga zake zaviikidwa m'madzimo, ndipo muziponyamo mabotolo a ayisi sensa ikamakwera. Pa mowa wa nyengo yotentha, funsani ogulitsa za yisiti ya kveik ya ku Norway, imene imagwira bwino ntchito ngakhale pa madigiri 30 mpaka 40. Mukamanga chanucho, mundilembere manambala awiri amene mwapeza, pa ayisi ndi pa madzi owira, tidzaone limodzi ngati sensa yanu ikufunika kukonza.