Nyumba yotsika mtengo ku Nottingham, msonkho woposa wa ku London: tiyambe kugula kuno kapena kumanga kwathu?

Funso: Ndine namwino ndipo ndakhala ku Nottingham zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndi amuna anga tasunga ndalama zoyambira kugula nyumba ya pafupifupi £200,000. Chikutidabwitsa n'chakuti msuweni wanga wa ku Wandsworth, ku London, amalipira council tax (msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo) yochepa kuposa ife, chonsecho nyumba imene amakhala ndi yodula kwambiri kuposa imene tikuchita lendi. Amuna anga akuti tisiye zogula kuno, tiyambe tamanga ku Lilongwe kumene msonkho wa nyumba sudetsa nkhawa. Tiyambe ndi chiti?

Yankho: Mayi, msuweni wanu sakukunamizani, ndipo khonsolo yanu sinalakwitse masamu. Ku England mtengo wa nyumba wa lero ndi msonkho umene nyumbayo imalipira pachaka siziyendera limodzi, ndipo amene amaganiza kuti kugula nyumba yotchipa ndiko kupeza msonkho wotchipa amadzadzidzimuka kalata yoyamba ikafika.

Council tax inayamba mu 1993, m'malo mwa msonkho wa pamutu umene anthu anaukana mpaka kuchita zionetsero. Pokhazikitsa msonkho watsopanowu, nyumba iliyonse ya ku England inaikidwa m'gulu limodzi mwa magulu asanu ndi atatu, kuyambira A mpaka H, potengera mtengo umene ikanagulitsidwa pa 1 Epulo 1991. Gulu A ndi la nyumba zimene panthawiyo sizinkapitirira £40,000, gulu D ndi la zapakati pa £68,001 ndi £88,000, ndipo gulu H ndi la zoposa £320,000. Kuchokera pamenepo boma silinayezenso mitengoyi, moti ngakhale nyumba yomangidwa chaka chatha imapatsidwa gulu poyerekeza mtengo umene ikanakhala nawo mu 1991. M'zaka zoposa makumi atatu zimenezi nyumba za ku London zakwera mtengo mothamanga kuposa za m'chigawo chanu, koma m'kaundula wa msonkho zonse zili pomwe zinali. Ku Wales anayezanso potengera mitengo ya mu 2003 n'kuwonjezera gulu I, ndipo ku Northern Ireland amagwiritsa ntchito mitengo ya mu Januwale 2005, choncho musayerekeze makalata a m'madera amenewa ndi anu ngati kuti muyeso wake ndi umodzi.

Gulu palokha silitchula ndalama. Khonsolo iliyonse imaika yokha ndalama ya gulu D chaka ndi chaka, ndipo magulu enawo amawerengeredwa kuchokera pamenepo: gulu A limalipira magawo awiri mwa atatu a ndalama ya gulu D, pamene gulu H limalipira kuwirikiza kawiri. M'chaka cha ndalama cha 2024/25, gulu D ku Nottingham linkalipira kupitirira pang'ono £2,500, pamene ku Wandsworth ndi ku Westminster silinkafika £1,000. Tawerengani nokha tanthauzo lake. Nyumba ya gulu B ku Nottingham, ya zipinda ziwiri yolumikizana khoma ndi ya oyandikana nawo, inkalipira pafupifupi £1,970, pamene chinyumba cha gulu H ku Wandsworth, choti lero chingagulitsidwe mapaundi mamiliyoni angapo, chinkalipira pafupifupi £1,920. Ine sindiona chilungamo m'dongosolo limeneli, chifukwa limapanikiza kwambiri anthu ngati inu amene mumakhala m'mizinda ya anthu opeza zochepa, koma ndilo lamulo limene lilipo ndipo bajeti yanu iyenera kulitsatira.

Chimene chimakweza msonkho wa kwanuko n'chakuti nyumba zambiri za mu Nottingham zili m'magulu A ndi B. Khonsolo ikakhala ndi nyumba zochepa za m'magulu apamwamba, imayenera kukweza ndalama ya aliyense kuti ipeze zokwanira kusamalira okalamba, olumala ndi ana osowa owalera, zimene ndizo zimadya gawo lalikulu la chuma cha makhonsolo. Khonsolo ya Nottingham inafika polengeza mu Novembala 2023 kuti ndalama zake sizikukwanira zimene iyenera kulipira m'chakacho, choncho musayembekezere kuti msonkho wa kumeneko utsika posachedwa. Makhonsolo a pakati pa London ali ndi nyumba zambiri za m'magulu apamwamba komanso njira zina zopezera ndalama, monga zolipiritsa poimika magalimoto.

Pofunafuna nyumba, musangoyang'ana mtengo wolembedwa pachithunzi. Gulu la nyumba iliyonse limaoneka kwaulere pa intaneti, patsamba la boma, mukangolemba keyala yake, ndipo ndalama ya gululo imapezeka patsamba la khonsolo ya deralo. Kumbukirani kuti malire a mzinda wa Nottingham ndi opanikizika, moti madera monga West Bridgford, Arnold ndi Beeston, amene anthu amawaona ngati mbali ya mzindawu, ali pansi pa makhonsolo ena a Rushcliffe, Gedling ndi Broxtowe, ndipo ali ndi ndalama zawozawo. Ku Nottingham mu 2024/25, kusiyana kwa gulu limodzi lokha pakati pa A ndi D kunali pafupifupi £280 pachaka, ndalama imene simungaimve pa tsiku logula koma mudzailipira chaka chilichonse kwa zaka zonse za ngongole ya nyumbayo. Funsaninso ngati eni ake anawonjezera chipinda kumbuyo kapena kudenga, pakuti nyumba yowonjezeredwa imatha kukwezedwa gulu ikangogulitsidwa, ndipo wolipira amakhala wogulayo. Mukalowa n'kupeza kuti nyumba zofanana ndi yanu mumsewu womwewo zili m'gulu lotsika, muli ndi miyezi isanu ndi umodzi yokadandaula ku Valuation Office, ofesi ya boma imene imaika nyumba m'magulu amenewa.

Tsopano za maganizo a bambo a kunyumba. Sindikutsutsa zomanga kwathu, koma ndikukupemphani kuti musaike njerwa ngakhale imodzi musanamvetse msonkho wina umene umalipidwa kamodzi kokha pogula nyumba ku England, wotchedwa stamp duty. Kuyambira pa 1 Epulo 2025, munthu amene akugula nyumba koyamba salipira msonkhowu pa £300,000 zoyambirira, malinga ngati nyumbayo sipitirira £500,000. Pa nyumba yanu ya £200,000 simungalipire kalikonse. Koma lamulo limati wogula koyamba ndi amene sanakhalepo ndi nyumba kwina kulikonse padziko lapansi, kaya anagula kapena anasiyiridwa ndi makolo, ndipo ngati mukugula awiri, nonse muyenera kukwaniritsa zimenezi. Mukayamba mwamanga ku Lilongwe, mwayi umenewu ukhoza kutha, ndipo ukatha pa £200,000 mudzalipira £1,500. Choopsa kwambiri n'chakuti nyumba ya ku Lilongweyo ikakhala ya mtengo wofika £40,000, ya ku Nottingham idzatengedwa ngati nyumba yachiwiri, ndipo pa nyumba yachiwiri pamawonjezeredwa 5 peresenti ya mtengo wonse, imene kwa inu ndi £10,000. Kungosintha chimene chiyambe ndi chimene chitsatire kungakudyereni £11,500, ndalama yoti ikanagwira ntchito yooneka pa puloti yanu. Ngati mmodzi wa inu ali kale ndi puloti kapena gawo m'nyumba ya makolo, muuzeni loya wokuthandizani kugula musanasaine chilichonse, kuti aone ngati malowo akuwerengedwa monga nyumba.

Komanso si zoona kuti ku Lilongwe kulibe msonkho wa nyumba wodetsa nkhawa. Makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba amatolera ma city rates potengera lamulo la maboma aang'ono la 1998, ndipo amawerengera pa mtengo wa malo ndi wa nyumba umene unalembedwa m'kaundula wa khonsolo. Kusiyana kwake ndi kumene muliko n'kwakuti ku England amalipira ndi wokhala m'nyumbamo, ngakhale akhale wa lendi ngati inu, pamene kwathu udindowu ndi wa mwini nyumba. Apa ndi pamene anthu okhala kunja amagwera m'mbuna. Kalata ya khonsolo imafika pageti, wa lendi amaona kuti dzina si lake n'kuitsomeka kuseri kwa kalendala, ndipo mwini wake ali kutali akukhulupirira kuti zonse zili bwino poti lendi ikulowa mwezi ndi mwezi. Ngongoleyo imakula ndi chiwongoladzanja, n'kudzaonekera tsiku lofuna kugulitsa nyumbayo kapena kuikita chikole kubanki. Ngati malowo ndi a lizi, palinso ground rent yolipira kwa amene anakupatsani liziyo, ndipo imeneyi ndi yosiyana ndi ya khonsolo. Mapuloti a kunja kwa malire a mzinda amakopa poti ndi otsika mtengo, koma ambiri amagulitsidwa ndi kalata ya amfumu yokha, ndipo nyumba yopanda mapepala olembetsedwa ku unduna wa za malo banki siiwerengera mtengo umene mwini wake amauganizira.

Langizo langa ndi lakuti ngati mukuona kuti mukhalabe ku Nottingham zaka zisanu kapena kuposerapo, yambani ndi nyumba ya kumeneko mudakali ogula koyamba. Council tax mukuilipira kale monga a lendi, choncho kugula sikukubweretserani msonkho watsopano, kupatula ngati mutasamukira m'gulu lokwera. Sankhani nyumba zitatu zimene mwazikonda, ndipo pa iliyonse mulembe papepala limodzi ndalama yobweza ngongole pamwezi, council tax ya gulu lake, inshulansi ndi ndalama yoyendera popita kuchipatala kumene mumagwira ntchito. Kalata ya msonkho imabwera mu Malichi ndipo kawirikawiri imagawa ndalamayo m'miyezi khumi, kuyambira Epulo mpaka Januwale. Mukhoza kupempha kuti aigawe m'miyezi khumi ndi iwiri, koma mukasiya momwemo, Febuluwale ndi Malichi amakhala opanda msonkho, ndipo ndalama ya miyezi iwiri imeneyo mukhoza kumaipatula chaka chilichonse kuti ikhale chiyambi cha thumba la puloti ya ku Lilongwe.